Clarrie Noack ndi Dzenje Lake Lachinayi

Ku Tallabinda kuno aliyense ankadziwa kuti alamu anga, malemu Clarrie Noack, ankadana ndi zinthu zazifupi. Abusa akalalikira mwachidule, iwo ankawadikirira pakhomo la tchalitchi n'kuwafunsa ngati akudwala. Soseji ikaperewera msinkhu ankaibweza kubutchala. Koma chimene chinkawawawa mpaka m'mafupa chinali dzenje la gofu lalifupi, ndipo m'maso mwawo maenje onse a pansi pano anali aafupi, kuphatikizapo lawo lomwe, lija lachinayi, limene analitalikitsa zaka zoposa makumi awiri mpaka linawadyera anzawo, nkhosa ndi banja.

Ine ndine Lindsay, mchimwene wake wa Noelene, mkazi wawo. Ndine ndimagulitsa mowa ndi mapayi m'kalabu ya gofu Loweruka lililonse, choncho zambiri ndinaziona ndili kuseri kwa kauntala. Zina ndinaziona ndili ndi fosholo m'manja.

Bwalo lathu ndi lija lili kuseri kwa nkhokwe za tirigu. Maenje alipo asanu ndi anayi, udzu umamera mvula ikafuna, ndipo pozungulira dzenje lililonse pali mchenga wothira oyilo wakutha wa m'mathirakitala. Palibe amene anasankha a Clarrie kuti azilisamalira. Famu yawo inachita nalo malire, thirakitala yotchetchera inali yawo, nkhani n'kuthera pomwepo.

Dzenje lachinayi linali la kasanu. Ndiye kuti munthu wodziwa amenye kampira katatu kuti kafike pamchenga paja, kenako kawiri kokankhira m'dzenje. Utatsala pang'ono kufika pamchengapo pamadutsa khwawa louma, lodzaza miyala ndi njoka. Kwa a Clarrie, katatu kameneka kanali ngati kolembedwa m'Baibulo.

"Kumenya koyamba aliyense ndi ngwazi," ankatero atatsamira kauntala yanga, chipewa chili kumutu m'nyumba momwe. "Kachiwiri munthu amayamba thukuta. Kachitatu ndiye timadziwa kuti amayi ake anamulera bwanji. Ndiye wina afike kawiri? Ameneyo sanasewere gofu, wangowaza nkhuni."

Chaka chilichonse mu Seputembala kunkabwera akatswiri, aja amadyera gofu yomweyo. Osati a pa TV ayi. Awa anali anyamata oyenda tauni ndi tauni pa magalimoto otha matayala, kulimbirana kamphoto kosakwana kugula injini ya pikiapu. Koma kwa ife masiku awiri amenewo anali moyo. Mowa umene unkamwedwa pamenepo ndi umene unkayatsa magetsi a kalabu chaka chonse.

Chaka china kunabwera Trent Vasilakis, mwana wa Mgiriki wokazinga nsomba ndi tchipisi ku Port Pirie. Anali wamtali ngati mtengo wa magetsi, ndipo ananyamula ndodo ya gofu ya mutu waukulu ngati ketulo, ya chitsulo chija amati amapangira ndege. Atamenya koyamba, kampira kanakatera kumene enafe tinkafika titamenya kawiri, mphepo itatithandiza. Anayenda kukakapeza. Anaima n'kuyang'ana khwawa lija nthawi yaitali, kutulutsa ndodo iyi, kuibweza, kutulutsa ina, kupukuta manja pathalauza. Kenako anamenya. Kampira kanalumpha khwawa n'kukagona pamchenga phee.

Anthu anawomba m'manja. A Clarrie anavula chipewa, anayang'ana m'kati mwake, n'kuchivalanso.

"Dzenje labwino kwambiri limene lija, madala," anatero Trent madzulo ake, akuwagulira botolo.

"Linali labwino m'mawa. Walipha."

"Ndalipha bwanji?"

"Imwa mowa wako. Chaka chamawa ubwerenso."

Lolemba lake mpanda wa waya wa pamalire unali pansi. Anatchetcha tirigu wawo yemwe, asanache n'komwe, n'kukaika poyambira kumenya m'kati mwa munda kuti dzenje litalike. Chaka chotsatira Trent anabwera ndi ndodo ina yatsopano, ndipo anafikanso kawiri. Mpanda wachiwiri unagwa. Kuyambira pamenepo inali nkhondo ya a Clarrie ndi mafakitale a ku America ndi ku Japan. Iwo uko akatulutsa ndodo yatsopano, kuno nkhosa zinkadzuka m'mawa n'kupeza kuti podyera pawo pasanduka bwalo la gofu. Alamu anga ankagula magazini a gofu osati kuti aphunzire kusewera, koma kuti aone zimene adani akukonza.

"Akuti mpira wa chaka chino ukuuluka mamita khumi oonjezera," ankandiuza, nkhope ili ngati amva za nkhondo yapadziko lonse.

"Ndiye mutani, alamu?"

"Ine ndionjezera makumi atatu."

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mitengo ya maapurikoti imene Noelene anadzala chaka chimene anakwatiwa. Nthawi ina iye anapita ku Adelaide kukaona mwana wawo Sharon, amene anali atangochira mwana woyamba. Pobwera anapeza zitsa.

"Bambo a Sharon, mitengo yanga ili kuti?"

"Inaima panjira."

"Njira ya ndani?"

"Ya mpira."

"Mpira wake uti? Ine sindikuona mpira pano."

"Ubwera mu Seputembala."

Mlongo wanga sakalipa. Anangolowa m'nyumba, anasonkhanitsa mabotolo onse a jamu amene anatsala, n'kukawapereka kutchalitchi. Kuyambira tsiku limenelo a Clarrie ankadya buledi wouma, ndipo kukalabu ankatiuza kuti adokotala awaletsa shuga.

Famu itatha mbali imeneyo, anaoloka njanji. Poyambira panakakhala kutsidya, pakamtunda kopanda mwini kogundana ndi manda, moti ukamakonzekera kumenya unkamva kuti agogo ako akukuonerera kumsana. Tsiku lina Merv Hannaford, amene kale anali mwini butchala, yemwe uja ankabwezeredwa masoseji, anamenya sitima ya tirigu ikudutsa. Kampira kanakwera pang'ono n'kugwera m'bogi ya sitimayo, pa tirigu.

"Ndiye pamenepa nditani, amwene?" anafunsa Merv.

"Lamulo likuti ukamenyere pomwe kagwera," anatero a Clarrie.

"Tirigu ameneyo akupita ku Indonesia."

"Ndiye ufulumire."

Imeneyo tinaiseka mpaka nthawi yokolola.

Vuto linali loti poyambira pakale paliponse ankapagaula ndi thirakitala, kuti wina asamabere. Dzenje linali litayandikira kilomita yathunthu. Akatswiri ankaliona masiku awiri pachaka, koma masiku ena onsewo tinkalisenza ndife, alimi a mawondo otha ndi akazi athu. Amayi anayamba kunyamula tiyi m'mafulasiki kuti azikapumira pakati. Mmodzi ankalumbira kuti analiyamba tsitsi lili lakuda, pokafika kumapeto lili mbuu. Tikadandaula, a Clarrie ankati dzenjelo sanamangire nkhalamba.

"Nanga nkhalambazi zizisewera kuti?"

"Zizionerera."

Iwo eni anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi pamene ankanena zimenezi.

Merv anafera pomwepo. Linali Loweruka la mu Okutobala, mphepo yotentha ya kumpoto ikutiwomba kumaso, fumbi lili koboo. Tinamuuza kuti akwere pikiapu, ife timupeza kutsogolo. Anakana, chifukwa a Clarrie anali atalengeza kale kuti wokwera galimoto pa dzenje lachinayi kuli bwino azikaluka majuzi. Ndiye Merv anamenya n'kuyenda, kumenya n'kuyenda, nkhope itafiira ngati nyama imene ankagulitsa. Titadutsa khola lometera nkhosa anaima.

"Lindsay, tandigwirira ndodoyi."

Ndinaigwira. Anakhala pansi bwinobwino ngati munthu wofuna kumanga nsapato, kenako anagona chammbali. Ambulansi imachokera tauni ina, ndipo itafika inazungulirazungulira m'tirigu kufunafuna chipata, poti mipanda yonse inali itasuntha. Tinamuphimba kumaso ndi kathaulo kopukutira ndodo chifukwa cha ntchentche.

Titachoka kumanda, anthu akumwa tiyi mu holo, a Clarrie anapita kwa Beryl, mkazi wa malemuyo, chipewa chili m'manja.

"Pepani, mayi. Koma ndikuuzeni, anali atangomenya kasanu, ndipo konseko molunjika. Chiyambire sanalisewerepo bwino choncho."

Ankaganiza kuti akumutonthoza. Ndikunenetsa, ndi mmene ankaganizira. Beryl anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Clarrie, tsiku la maliro ako ndidzaphika keke yaikulu."

Sanaiphike. Anayamba kumwalira ndi Beryl yemweyo, chaka chisanathe.

Komiti inakumana. Tinagwirizana kuti dzenje libwerere mwakale, ndipo manja onse anakwera m'mwamba, langa lomwe. A Clarrie anatiyang'ana mmodzimmodzi.

"Chabwino. Thirakitala ndi yanga, dizilo ndi wanga. Amene akufuna kutchetcha bwaloli ndi sizasi ayambe mawa."

Tinayang'anana. Wamng'ono pa tonsefe anali atayamba kale kulandira penshoni. Anyamata onse anapita kumigodi ndi ku Adelaide. Manja aja anatsika limodzilimodzi. Dzenje linakhala mmene linalili, koma theka la mamembala silinapondenso pakalabu. Ena akakumana ndi a Clarrie kusitolo ankayamba kuwerenga zolemba za pachitini cha nyemba.

Kenako kunabwera chilala chija. Zaka zitatu mvula inkangolavula. Nthaka inauma gwa ngati simenti, mabulugamu ena anafa ali chiimire. Akatswiri anabwerabe, koma ochepa. Trent anali mmodzi wa iwo. Tsopano anali atapitirira zaka makumi anayi, dazi litayamba, msana ukumuvuta. Ku TV sanafike. Ankadya pophunzitsa gofu ana a madokotala. Dzenje lachinayi anali atasiya kalekale kulifika kawiri, ndipo chaka chilichonse a Clarrie ankamugulira botolo lomupepesa, akumwetulira mpaka m'makutu.

Tsiku limenelo mphepo inatembenuka n'kumawomba kumsana. Trent atamenya, kampira kanaoloka njanji, kanagunda nthaka youma ija n'kudumpha ngati kagwera pamsewu wa tala, kenako kanathamanga. Kanadutsa zitsa za maapurikoti, kanadutsa khola, nkhosa zowonda zikukayang'ana. Atamenya kachiwiri kanachitanso chimodzimodzi, kanagwera m'khwawa, kanagunda mwala, n'kutulukira kutsidya, pamchenga.

Palibe anawomba m'manja. Tonse tinayang'ana a Clarrie.

Trent anawapeza pakauntala.

"Madala, musakagwetse mpanda wina. Sindine ndafika, chafika ndi chilala."

"Kawiri ndi kawiri."

"Ndikuuzeni zoona?"

"Unayamba wanenapo zoona, iwe?"

Trent anakhala pampando mosamala, dzanja lili pamsana. "Tsiku loyamba lija ndinaima kutsogolo kwa khwawa. Ndiyese, ndisayese? Ndikagwera m'miyala ndigona m'galimoto ndi njala, ndikadutsa ndidya nyama. Dzenje linali pompo, likundiitana, ndipo ndinkadziwa kuti likhoza kundinamiza. Ndasewera m'mabwalo ambiri, koma pamene paja ndimapakumbukirabe. Panopa palibe choganiza. Ndimatenga ndodo yaikulu, kumenya, kuyenda, kumenya, kuyenda, ngati ndatumidwa kukagula buledi. Anyamata onse amalitukwana. Si lovuta, madala. Ndi lakutali chabe."

Alamu anga anaimirira n'kutuluka, botolo lili theka. Pa zaka zonse zimene ndinawagulitsa mowa, anali asanasiyepo ngakhale dontho.

Ndinkaganiza kuti amva. Sabata yotsatira ndinamva injini ya pampu ikulira kufamu kwawo. Anali atayala mapaipi kuchokera kudamu, lomaliza lokhala ndi madzi, limene nkhosa zawo zonse zinkamwa, n'kuyamba kuthirira malo amene mipira imatera. Ankafuna pafewe, kuti kampira kakagwa kazimira m'malo mothamanga.

Noelene anabwera kwathu. "Achimwene, kalankhuleni nawo. Ine mawu andithera."

Ndinawapeza ataima m'matope ndi majombo, paipi ili m'manja.

"Alamu, nkhosa zimwa chiyani?"

"Mvula ibwera."

"Ikapanda kubwera?"

"Ndiye kuti sinabwere."

Sinabweredi. Pofika Febuluwale damu linali phala lokhalokha. Nkhosa zinkalowa kufuna madzi n'kutitimira mpaka m'mimba, ndipo akhwangwala ankazikolowola maso zili zamoyo. Wogula panalibe. Aliyense anali ndi zake zofa, ndipo za alamu zinali zitawonda moti sizikanatha kuima m'lole. Tinakumba dzenje lalikulu ndi thirakitala kuseri kwa khola. Ine ndinkazikusa, iwo ankawombera. Tinayamba dzuwa likutuluka, ndipo mfuti inkatentha mpaka ankaikulunga ndi thumba. Zina zinali zoti anazilera ndi botolo kukhitchini, zinkabwera zokha zikaona chipewa chawo. Chapafupi pomwepo, pakati pa dziko lofiira lija, panali kachigawo ka msipu wobiriwira ngati kapeti ya m'hotela, paja ankathirira paja, makangaruu ochokera kutali akudya mosatekeseka. A Clarrie sanayang'aneko. Tinakwirira, aliyense n'kulowera kwawo.

Patapita masiku ochepa Sharon anabwera ndi galimoto. Noelene anatulutsa masutikesi awiri ndi makina ake osokera.

"Bambo a Sharon, mitengo ndinapirira. Maliro a Merv ndinapirira, ngakhale anzanga anasiya kundipatsa moni. Koma nkhosa zija ndikuzimvabe. Ndikakhala kwa mwana."

"Ubwera liti?"

"Mukadzamaliza dzenje lanulo."

Seputembala wa chaka chimenecho akatswiri sanabwere. Anaimba foni kunena kuti Tallabinda ndi kutali, ndipo anyamata akudandaula. A Clarrie ndinawauza ndekha, koma anatchetchabe bwalo lonse, anaika mbendera zatsopano pamaenje, ndipo Loweruka m'mawa anavala tayi n'kukaima poyambira paja, pafupi ndi manda. Anaima mpaka masana. Sitima inadutsa, woyendetsa anawaimbira huta, iwo anakweza dzanja.

Sanalitalikitsenso. Panalibe womutalikitsira. Anakhala okha m'nyumba ija, akudya nyemba za m'chitini ataimirira, ndipo m'mawa uliwonse ankanyamula ndodo zitatu kukasewera dzenje lawo lokhalo, okhaokha. Ankayamba kukadali chisisira, pomaliza dzuwa lili paliwombo. Tsiku lina anabwera pakauntala ali wefuwefu, koma maso akuwala.

"Alamu, pali chodabwitsa. Dzenje lija sindinalikhudze zaka zitatu, koma likutalika lokha. Chaka chatha ndinkafika pamchenga nditamenya kasanu ndi katatu. Lero kakhumi ndi kawiri."

Ananena monyada, ngati bambo amene mwana wake wamupitirira msinkhu. Wefuwefu ameneyo inali khansa ya m'mapapo, koma tinadziwa mochedwa.

Madokotala a ku Adelaide atawabweza kuti akathere kwawo, Noelene anabwera nawo. Sanatchule zakale. Anatsuka nyumba, anataya zitini, n'kumawasambitsa ndi kuwamwetsa msuzi ndi sipuni. Masana ena anandiimbira foni kuti odwala akufuna kukwera pikiapu. Tinawanyamula awiri, anali opepuka ngati thumba la ubweya, n'kuwakhazika pakati, Noelene atafungata botolo la mpweya. Anati tiyambire kunjanji. Ndinayendetsa pang'onopang'ono kutsika dzenje lonse, kudutsa zitsa, kudutsa khola ndi mtumbira wa nkhosa, kudutsa pamene Merv anakhala pansi. Titafika pamene panali mpanda woyamba uja anandigwira bondo.

"Ima apa."

Kuchokera pamenepo mbendera inkaoneka, kakang'ono, kuseri kwa khwawa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, mpweya ukulira m'kapaipi ka m'mphuno.

"Apa ndiye panali pake. Munthu akaima apa amaliona dzenje, n'kuyamba kudzinamiza." Anapuma kaye. "Mudzabweze pano."

"Tidzabweza, alamu."

"Koma Mgiriki uja musamuuze."

Noelene anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve kwa zaka zambiri, kenako anatembenukira kuwindo. A Clarrie anayang'ana manja awo.

"Mayi a Sharon. Mitengo ija inkabereka bwino."

"Inkabereka, ee."

"Eya."

Kupepesa kwawo kunali komweko, ndipo mlongo wanga anakulandira. Anamwalira mwezi usanathe, dzanja lawo lili m'manja mwake. Kumaliro kunabwera anthu osadzaza mabenchi atatu.

Famu inagulidwa ndi kampani ina imene yameza kale mafamu onse ozungulira. Nyumba anaigwetsa, zitsa anazula, ndipo pamene pankadutsa dzenje lija pali tirigu mpaka kunjanji, wolimidwa ndi mathirakitala oyenda okha. Noelene anabwerera kwa Sharon. Poyambira tinabweza pamene ananena. Amatchetcha tsopano ndi mnyamata wa kampaniyo, kamodzi pamwezi, akakumbukira.

Tatsala anthu asanu. Dzenje lachinayi ndi labwino, tonse tikuvomereza, koma pakati pathu palibe amene ali ndi mphamvu zoti khwawa lija limuyese. Timakankhakankha timipira tathu, ndipo maenje onse timamaliza mapayi asanatenthe mu uvuni. Kenako timakhala pakhonde. Kale munthu unkabwera kuno uli ndi womutukwana, ndipo kutukwanako kunkakufikitsa madzulo usakudziwa. Panopa wina amafunsa za mvula, wina amayankha kuti kulibe. Wina amatchula amene wagonekedwa kuchipatala sabata ino. Aliyense amamwa botolo limodzi chifukwa cha mankhwala. Ndimatsuka matambula athu asanu, ndimazimitsa firiji kuti magetsi asathe, n'kukiya chitseko dzuwa likadali pamutu.